Mwala Watuluka, Nanga Unachokera Kuti?

Mukacheza ndi anthu pamsika wa Mponela n'kufunsa kuti miyala ya mu impso imabwera bwanji, yankho loyamba limene mumve ndi la mchenga. Akuti ndi wa mu mpunga wosapeta bwino, kapena timiyala ta mu nyemba zosasankha. Wina aloza njere za gwafa, wina za matimati. Ndipo mwala ukatuluka ndithu, anthu n'kuuona ndi maso awo uli phee pansi pa chitini, sipalephera kupezeka wonong'ona kuti pali amene wachita kuuponya m'thupimo.

Koma chilichonse chimene tameza chili ndi njira yake imodzi: kummero, m'mimba, m'matumbo, kenako kuchimbudzi. Palibe khomo lochokera m'matumbo kupita ku impso loti mchenga n'kudutsapo. Chimene chimafika ku impso ndi magazi basi. Mwala wa mu impso, tsono, sulowa kuchokera kunja. Umaumbika komweko, pang'onopang'ono, kuchokera ku zinthu zimene zinasungunuka mu mkodzo wa mwini wakeyo.

N'chifukwa chake dokotala wodziwa ntchito yake sakhutira ndi kungoletsa ululu. Ngati mwala waumbika kamodzi, chimene chinauumbacho chikhoza kukhala chikadalipo. Pafupifupi theka la anthu amene anadwalapo miyala imeneyi amadwalanso pasanathe zaka khumi ngati sanasinthe kanthu. Komanso mwala umene watseka njira ya mkodzo kwa milungu yambiri umatha kuwononga impso yonse, nthawi zina mwakachetechete. Makina osefa magazi a anthu amene impso zawo zasiya kugwira ntchito ndi ochepa m'dziko muno, ndipo munthu wa ku Dowa kapena ku Ntchisi amayenera kukawapeza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wake wonse. Werengani mtengo wa minibasi wokhawo muone.

Impso zathu ziwiri zili cha kumsana, m'munsi mwa nthiti zomaliza, iliyonse kukula kwake ngati chibakera. Mu impso imodzi muli tisefa ting'onoting'ono pafupifupi miliyoni imodzi. Pa tsiku, impso zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, koma ochuluka zimawabwezera m'thupi, n'kutsala lita imodzi kapena malita awiri amene timataya ngati mkodzo. M'madzi ochepawo ndi momwe mumayenera kusungunuka zonse zimene thupi latsala nazo: mchere, kashiamu, oxalate, phosphate ndi uric acid.

Aliyense amene anaiwalapo mphika wa madzi amchere pamoto amadziwa chimene chimatsala madzi akaphwera: zoyera mbuu zouma pansi pa mphika. Mcherewo sunachokere kwina. Unalimo kale, kungoti madzi ousungunula atha. Mkodzo nawo ukachepa n'kukhala wodera, zosungunukazo zimayamba kugwirana n'kupanga timibulu tosaoneka ndi maso. Timibulu tambiri timakokoloka n'kutuluka, munthu osadziwa. Koma tina timamatirira m'kati mwa impso, tina n'kumabwera kudzamatirira pamwamba pake, mpaka papita miyezi kapena zaka kamwala kapangika. Thupi lili ndi zodzitetezera, makamaka citrate, yemweyo amene ali mu mandimu, amene amagwira kashiamu kuti asakumane ndi oxalate. Mwala umabadwa pamene madzi achepa, kapena zoumba mwala zachuluka, kapena zoletsazo zachepa. Kufufuza konse kwa kuchipatala ndi kufuna kudziwa kuti kwa munthu uyu, chimene chalakwika ndi chiti.

Mwala ukakhala mu impso momwemo, kawirikawiri supweteka. Nkhondo imayamba ukagwera m'kapaipi kochoka ku impso kupita ku chikhodzodzo, kamene achipatala amati ureter. Kapaipika n'kotalika masentimita 25 mpaka 30, koma bowo lake ndi mamilimita 3 kapena 4 okha. Mwala ukakakamira mmenemo, mkodzo umadikha kumtunda, impso imafufuma, ululu n'kubaya m'nthiti, kutsikira m'chinena. Wodwala sakhazikika: agona, adzuka, agwada, ayendayenda, asanza. Kusakhazikikako ndi umboni woyamba kwa dokotala, chifukwa munthu amene apendikisi yamuphulikira amagona duu, osafuna n'kugwedezeka komwe.

Mafunso ndiwo chida choyamba

Ambiri a ife timayambira pachipatala cha Mponela, kapena ku Mtengowanthenga, kapena ku Madisi. Zikavuta timatumizidwa ku chipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, ndipo kuchoka kumeneko ndi ku Kamuzu Central, makilomita osakwana 60 kuchokera pa Mponela potsata msewu wa M1. Paliponse pamene mwayambira, kufufuza kumayamba ndi pakamwa, ndipo odwala ena amanyansidwa nazo poganiza kuti adokotala akungotaya nthawi m'malo mowatumiza ku sikani.

Mumamwa madzi ochuluka bwanji pa tsiku? Mumagwira ntchito yanji? Funso lachiwirili lili ndi tanthauzo kuno kwathu. Mlimi wa fodya amene akuthirira nazale mu October, wakabaza amene akupalasa kuchokera pa Mponela kukwera mitunda ya njira ya ku Ntchisi, mnyamata wootcha uvuni wa njerwa, onsewa amataya madzi ambiri m'thukuta, ndipo amatha kutha tsiku lonse atakodza kamodzi kokha. Adzafunsanso ngati bambo anu, mayi anu kapena abale anu anadwalapo miyala, popeza imayenda m'magazi. Adzafunsa ngati muli ndi matenda a shuga, ngati chala chachikulu chakumwendo chinatupapo n'kupweteka ngati moto, umene ndi mtundu wa nyamakazi wotchedwa gout, ngati mumatsegula m'mimba pafupipafupi, komanso ngati mumadwaladwala matenda a m'njira ya mkodzo.

Kenako pali funso la mankhwala, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amabisa. Mankhwala ena a ARV, monga atazanavir, amene ena amapatsidwa mankhwala oyamba akasiya kugwira bwino ntchito, amatha kuuma mu mkodzo n'kupanga mwala wawo wawo. Izi sizikutanthauza kuti munthu asiye kumwa. Kusiya n'koopsa kuposa mwalawo. Zikutanthauza kuti adokotala ayenera kudziwa, kuti aone ngati n'koyenera kusintha. Chimodzimodzi mapiritsi a vitamini C amphamvu kwambiri amene anthu amagula okha, chifukwa thupi limasandutsa gawo lina la vitamini ameneyu kukhala oxalate. Mankhwala azitsamba nawo atchuleni. Ndipo musasiye kunyumba kabuku kanu ka kuchipatala, ngakhale kakale kong'ambika: zimene zinalembedwamo zaka zitatu zapitazo zikhoza kukhala yankho la lero.

Kabotolo ka mkodzo

Pa zoyeza zonse, chotchipa kwambiri ndiponso chonena zambiri ndi mkodzo. Kulabotale amaviikamo kapepala kokhala ndi timabokosi tamitundumitundu, ndipo pasanathe mphindi ziwiri mitunduyo imasintha. Kapepalako kamasonyeza ngati muli magazi, ngakhale osaoneka ndi maso, ngati muli zizindikiro za mabakiteriya, komanso kuchuluka kwa asidi, kumene amati pH. Amene tinachita sayansi ku sekondale tikukumbukira kuti 7 ndi pakatikati. Mkodzo umene umakhala pansi pa 5.5 nthawi zonse umaloza ku miyala ya uric acid. Umene uli pamwamba pa 7, makamaka ngati ukununkha moboola mphuno, umaloza ku mabakiteriya oumba miyala.

Koma magazi mu mkodzo kuno ku Malawi ali ndi mwini wake wina: likodzo. Tizilombo take, timene Theodor Bilharz anatipeza ku Cairo mu 1851, timalowa pakhungu munthu akamasamba, kuchapa kapena kuwedza m'madzi odikha okhala ndi nkhono, ngati a m'madambo ndi m'madamu. Nyongolotsi zake zimakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake ndi amene amaboola khoma la chikhodzodzo n'kutulutsa magazi, makamaka kumapeto kwa kukodza. N'chifukwa chake wa kulabotale amazunguza mkodzo m'makina kuti zolemera zikhale pansi, n'kuika dontho pa maikulosikopu kufunafuna mazirawo, amene ali ndi kaminga kunsonga. Mkodzo wabwino woyezera likodzo ndi wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, nthawi imene mazira amatuluka ambiri.

Apa pali msampha wa mbali ziwiri. N'kosavuta kuti aliyense wokodza magazi apatsidwe praziquantel n'kubwerera kwawo, mwala uli chikhalire. N'kosavutanso kupeza mwala n'kuiwala kuti likodzo lakalekale ndi limene linautsegulira njira, chifukwa zipsera za likodzo zimapanikiza kapaipi kaja, mkodzo n'kumayenda mwaulesi, ndipo mkodzo wodikha ndiwo nazale ya miyala ndi mabakiteriya. Munthu mmodzi akhoza kukhala nazo zonse ziwiri.

Pa maikulosikopu pomwepo amaonanso timibulu tija, ndipo mtundu uliwonse uli ndi maonekedwe ake. Ta calcium oxalate timaoneka ngati envulopu ya kalata yomata. Ta struvite timafanana ndi chivundikiro cha bokosi la maliro. Ta cystine tili ndi ngodya zisanu ndi imodzi, ngati timabowo ta m'chisa cha njuchi. Timibulu ta envulopu timapezekanso mwa anthu abwinobwino, choncho patokha sititsimikizira kanthu. Koma ta chisa cha njuchi tikangooneka, nkhani yatha: munthuyo anabadwa ndi vuto lotchedwa cystinuria, ndipo abale ake a bere limodzi ayenera kuyezedwanso.

Ngati pali zizindikiro za mabakiteriya, mkodzo amaudzala m'kambale n'kudikira masiku awiri kapena atatu kuti aone mtundu umene umere ndi mankhwala amene angauphe. Mabakiteriya ena, monga Proteus, amaphwanya urea n'kupanga ammonia, ndipo mu mkodzo wotero mumamera miyala ya struvite. Imeneyi imakonda amayi, imakula msanga, ndipo imatha kudzaza m'kati monse mwa impso n'kuchita nthambi ngati jinja wokumba kumene. Choopsa chake n'chakuti nthawi zambiri sibaya ngati timiyala tina. Mayi amangomva kulemera m'chiuno ndi kuwotcha pokodza kobwerabwera, amamwa mankhwala, zimaleka, zimayambiranso, impso ikutha.

Kwa mtsikana kapena mayi aliyense wa msinkhu wobereka, amayezanso mimba. Alongo anga, musakhumudwe nazo ngati kuti akukukayikirani. Mimba yokhala kunja kwa chiberekero imapweteka mofanana ndi mwala ndipo imapha msanga, komanso sangamujambule munthu ndi X-ray asanadziwe ngati ali woyembekezera.

Magazi ndi zithunzi

M'magazi, choyamba amayang'ana creatinine, chinyalala chimene impso zabwino zimachotsa mosavuta. Akakwera, ndiye kuti impso zikulephera, ndipo zimenezi zimasintha liwiro la zonse zotsatira, ngakhalenso mtundu wa mankhwala a ululu amene angakupatseni. Diclofenac ndi ibuprofen amathandiza kwambiri pa ululu wa mwala, koma kwa munthu amene wasanza mpaka kuuma m'thupi, kapena amene impso zake zafooka kale, mankhwala omwewa amawonjezera moto. Kugula pagolosale n'kumamwa sabata yathunthu osayezetsa si nzeru.

Amayezanso uric acid, potaziyamu, ndi kashiamu. Kashiamu wa m'magaziyu ali ndi nkhani yake. Pakhosi, kuseri kwa chithokomiro, pali tizigawo tinayi tating'ono ngati njere za mpunga totchedwa parathyroid, timene timalamulira kashiamu m'thupi. Kamodzi mwa ito kakatupa, kamayamba kukumba kashiamu m'mafupa n'kumuthira m'magazi, impso n'kumalimbana ndi kumutaya. Munthu wotere angamwe madzi mtsuko wathunthu tsiku lililonse, miyala izibwerabe. Koma akachotsa kachigawo kotupako ndi opaleshoni yaing'ono ya pakhosi, gwero la miyala limauma. Odwala otere ndi ochepa, komabe popanda kuyeza magazi palibe angaganize zokafuna chifukwa cha ululu wa m'nthiti pakhosi.

Za zithunzi, chida chimene chili pafupi ndi ife ndi sikani ya ultrasound, yomweyo imene amaunikira amayi oyembekezera. Sigwiritsa ntchito cheza choopsa, choncho ndi yoyenera ana ndi amayi apakati. Imaona bwino miyala imene ili mu impso ndi m'chikhodzodzo, ndipo koposa zonse imaona ngati impso yafufuma chifukwa cha mkodzo wodikha. Kufooka kwake n'kwakuti mwala umene uli pakatikati pa kapaipi umabisika kuseri kwa mpweya wa m'matumbo. Choncho akakuuzani kuti sikani sinaone mwala koma impso yafufuma, musaganize kuti mwachira.

X-ray wamba imaonetsa miyala yokhala ndi kashiamu, yoyera ngati fupa, koma miyala ya uric acid siioneka n'komwe. Dokotala wochenjera amagwiritsa ntchito kulephera kumeneku. Mwala wooneka bwinobwino pa ultrasound koma wosaoneka pa X-ray wadziulula wokha kuti mwina ndi wa uric acid, ndipo umenewu ndi mtundu umene umatha kusungunuka ndi mankhwala ochepetsa asidi mu mkodzo, popanda mpeni.

Chida choona pafupifupi mwala uliwonse ndi CT scan. Madokotala a ku Yale ku America ndiwo anasonyeza mu 1995 kuti imaposa njira zakale pa ntchitoyi. Imapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha, ndipo si aliyense amene amafunika kufika nayo. Phindu lake ndi kunena molondola pamene mwala uli ndi kukula kwake. Kukulako n'kofunika: mwala wosakwana mamilimita 5, ngati njere ya mapira, nthawi zambiri umatuluka wokha m'masiku kapena milungu yochepa, pamene woposa mamilimita 10, ngati njere yaikulu ya chimanga, kawirikawiri sutuluka popanda thandizo.

Musataye mwalawo

Umboni woposa wina uliwonse ndi mwala weniweniwo, koma ndi umene timautaya m'chimbudzi tikusangalala kuti zatha. Amene wauzidwa kuti adikire mwala utuluke azikodzera m'chitini, n'kusefa mkodzowo pa kansalu koyera kapena kasefa ka tiyi kopatulira ntchito imeneyi. Kamwala kakapezeka, ngakhale kachepe ngati njere ya mpiru, katsukeni ndi madzi, kaume, kenako kasungeni m'kabotolo kouma kapena mu envulopu, mutalembapo tsiku. Osakaviika m'madzi, osakamata ndi selotepi.

Kulabotale yokhala ndi zida zake, amapera kachidutswa n'kukaunika ndi kuwala kwa infrared, ndipo makina amanena chimene chinaumba mwalawo. Si labotale iliyonse ili ndi makinawa, choncho funsani adokotala ngati pali kotumiza. Mwala wouma suwonongeka ngakhale udikire chaka. Pa miyala khumi iliyonse, pafupifupi isanu ndi itatu imakhala ya kashiamu, makamaka calcium oxalate, yakuda ndi yaminga. Yotsalayo ndi ya uric acid ndi ya struvite, pamene ya cystine ndi umodzi pa miyala 100. Mwa njira, ophunzira chemistry angakonde kudziwa kuti zina mwa zinthu zimenezi zinadziwika koyamba kudzera m'miyala yomweyi: Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden anapeza uric acid mu 1776, ndipo William Hyde Wollaston wa ku England anapeza cystine mu 1810, onse akupera miyala yochokera m'matupi a anthu.

Kwa amene miyala ikumubwerera, kwa mwana, kwa munthu wa impso imodzi, kapena amene ali ndi miyala mbali zonse ziwiri, pali kuyeza kwina kozama: kusonkhanitsa mkodzo wa maola 24. Mkodzo woyamba wa m'mawa umatayidwa, munthu n'kulemba nthawi. Kuyambira pamenepo dontho lililonse, usana ndi usiku, limalowa m'chigubu, mpaka mkodzo woyamba wa m'mawa wotsatira. Kulabotale amayeza kuchuluka kwake konse, kenako kashiamu, oxalate, citrate, uric acid ndi sodium amene alimo. Kuyezaku kumachitika patapita milungu ingapo ululu utatha, munthu atabwerera ku kadyedwe kake ka masiku onse. Vuto n'lakuti anthu amachita ngati ife ku hositelo tsiku loyendera zipinda: amakolopa lokhalo. Tsiku la chigubulo amamwa madzi ngati ng'ombe, mchere osaukhudza, zotsatira n'kutuluka zokongola koma zabodza.

Gawo limodzi la kuyezaku aliyense angathe kulichita kunyumba popanda kulipira: kuona kuchuluka kwa mkodzo wa tsiku lonse m'chigubu cha malita 5. Munthu amene anadwalapo mwala amafunika kutulutsa malita awiri mpaka awiri ndi theka. Onani bwino, akuwerenga otuluka, osati omwedwa. Wakabaza wa mu October ayenera kumwa ochuluka kuposa wa mu ofesi mu June kuti afike pa mlingo womwewo.

Zimene zotsatira zimaphunzitsa

Za madzizi si nkhambakamwa. Ku Parma, ku Italy, dokotala Loris Borghi ndi anzake anatsatira anthu 199 amene anali atadwala mwala koyamba. Theka anauzidwa kumwa madzi ambiri, theka linalo anangosiyidwa. Zotsatira zinatuluka mu 1996: patatha zaka zisanu, mwa omwa madzi ambiri, 12 pa 100 alionse ndiwo anadwalanso, pamene mwa enawo anali 27.

Chodabwitsa ndi nkhani ya kashiamu. Kwa zaka zambiri madokotala ankauza odwala kuti asiye mkaka, poganiza kuti mwala wa kashiamu umachokera ku kashiamu wa m'zakudya. Mu 1993, Gary Curhan ndi anzake a ku Harvard, atatsatira amuna oposa 45,000, anapeza zosiyana: amene ankadya kashiamu wokwanira ndi amene ankadwala miyala mocheperapo. Chifukwa chake n'chakuti kashiamu akakumana ndi oxalate m'matumbo, amagwirana komweko n'kutuluka ndi chimbudzi. Kashiamu akasowa m'chakudya, oxalate amalowa yekha m'magazi n'kukakumana ndi kashiamu ku impso, kumalo kolakwika. Borghi yemwe uja anatsimikiza izi mu 2002 pa amuna 120. Mwa 60 amene anachepetsa kashiamu, 23 anadwalanso m'zaka zisanu. Mwa 60 amene anadya kashiamu wokwanira koma n'kuchepetsa mchere ndi nyama, anadwalanso 12.

Mdani weniweni, tsono, ndi mchere. Impso zikamataya sodium wochuluka, zimakokera limodzi kashiamu mu mkodzo. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wobisika m'timakyubu tokometsera ndiwo, mu buledi, ndi uja timawaza pa tchipisi pachiwaya. Nyama yambiri, makamaka chiwindi ndi zam'kati, imachulukitsa uric acid ndi kuchepetsa citrate. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo nazo zimawonjezera chiopsezo, ngakhale zimaoneka ngati zikuthetsa ludzu.

Ambiri mwa owerenga magazini ino sadya nyama kapena amaidya mwa apo ndi apo, ndipo pankhani ya miyala zimenezi n'zabwino: kafukufuku wa ku Oxford wa mu 2014 anapeza kuti osadya nyama amadwala miyala mocheperapo poyerekeza ndi odya nyama yambiri. Koma tisadzitame msanga. Bonongwe, sipinachi, beetroot, mtedza, soya, mbatata ndi koko zili ndi oxalate wambiri, ndipo zina mwa izi ndi zimene timadalira tsiku ndi tsiku. Kwa munthu amene sanadwalepo mwala palibe chifukwa chozisiyira. Kwa amene mkodzo wake wasonyeza oxalate wokwera, nzeru ndi kusinthasintha ndiwo, kuwiritsa masamba oterewa n'kutaya madzi oyamba, ndi kudya pamodzi ndi chakudya chokhala ndi kashiamu monga mkaka kapena chambiko. Chimene ine sindigwirizana nacho ndi fashoni yofinya sipinachi ndi beetroot zaziwisi kapu yathunthu m'mawa uliwonse ati kutsuka magazi. Impso ndi zimene zimatsuka magazi, ndipo kapu imeneyo imazisenzetsa katundu.

Nanga madzi a pamjigo, aja amasiya zoyera mu ketulo? Ofufuza sanapeze umboni womveka woti madzi otero amayambitsa miyala. Kuopa mjigo n'kumakhala ndi ludzu ndiko kumaumba mwala.

Pali funso lina limene lavutitsa akatswiri kum'mwera kwa Africa kuno. Mu 1967, dokotala Monte Modlin wa ku Cape Town analemba kuti miyala ya mu impso inali yosowa kwambiri pakati pa anthu akuda a ku South Africa poyerekeza ndi azungu a m'dziko lomwelo. Pulofesa Allen Rodgers wa ku University of Cape Town anatha zaka zambiri akuyeza mikodzo ya magulu awiriwa kufuna chifukwa chake. Zimene anapezazo n'zoona, koma zinabala chikhulupiriro choti munthu wakuda sadwala miyala, ndipo chikhulupiriro chotero chimachedwetsa kupeza matenda. Kadyedwe kathu kasintha, shuga ndi kunenepa zikuchuluka m'matauni ngakhalenso pa malo a malonda ngati Mponela, ndipo kumene kulibe sikani, mwala umalembedwa m'kabuku ngati kupweteka kwa msana.

Ife amene tikuphunzira uphunzitsi nkhaniyi ikutikhudza kawiri. Mphunzitsi wa kalasi ya ana 100 amapewa kumwa madzi m'mawa kuti asamatuluke pakati pa phunziro, ndipo amachita zimenezi zaka makumi atatu. Ana nawonso, makamaka atsikana, amadzimana madzi ngati zimbudzi za pasukulu zili zauve kapena zopanda zitseko, ndiye ife n'kuwonjezera lamulo loti palibe kutuluka mpaka belu. Mwana amene akulira pokodza, amene mkodzo wake umaima mwadzidzidzi pakati n'kuyambiranso akasintha kakhalidwe, mwina ali ndi mwala m'chikhodzodzo, ndipo amene akukodza magazi asauzidwe kuti ndi kukula. Onsewa ndi a kuchipatala. Agogo aamuna amene mkodzo umatuluka modontha nawonso amaumba miyala m'chikhodzodzo, chifukwa prostate yotupa imatsekereza mkodzo kuti usathe wonse. Kwa iwo kufufuza kumaloza ku prostate, osati ku mbale ya ndiwo.

Kuchotsa mwala wokana kutuluka kuli ndi njira zingapo: kulowetsa kachipangizo kokhala ndi kamera kudzera m'njira ya mkodzo n'kuuswa, kuboola pang'ono kumsana, kuuphwanya ndi mafunde amphamvu ochokera kunja kwa thupi monga anayambira ku Munich mu 1980, kapena opaleshoni yotsegula. Zonsezi zimatha kudikira tsiku lake. Chimene sichidikira ndi mwala wotseka njira pamodzi ndi kutentha thupi. Munthu wa ululu wa m'nthiti akayamba kunjenjemera ndi kutentha, tonse timathamangira kuganiza malungo, ndipo n'koyenera kuyezetsa. Koma ngati malungo sanapezeke, kapena apezeka koma ululu wa m'nthitiwo ulipobe, auzeni achipatala za mwalawo momveka bwino. Mkodzo wodikha kuseri kwa mwala ukagwidwa ndi mabakiteriya umasanduka mafinya, ndipo amalowa m'magazi m'maola ochepa. Chimodzimodzi ngati mkodzo wasiyiratu kutuluka, ngati kusanza sikukuleka, ngati wodwalayo ndi woyembekezera kapena ali ndi impso imodzi: ngakhale ndi pakati pa usiku kumapiri a Ntchisi, njinga yamoto ipezeke. Zikatero madokotala sayamba n'kulimbana ndi mwala. Amapereka mankhwala opha mabakiteriya kudzera mu diripi, n'kutsegulira mkodzo njira ndi kachubu kopyapyala kolambalala mwalawo kapena kolowera kumsana, ndipo mwala amadzauchotsa patapita masiku kapena milungu, thupi litazizira.